Malikisi Asanu a Chidindo

M'boma lonse la Lundazi, kuyambira kumalire a Malawi mpaka kutsikira kuchigwa, simudzapeza munthu amene anaimenyera nkhondo demokalase kuposa ine. Ndinkaimenyera Lachiwiri ndi Lachinayi, mphindi makumi anayi pa nkhondo iliyonse, choko chikapezeka. Chikasowa tinkasesa panja.

Ndinali mphunzitsi wa Siviki, phunziro la boma, malamulo ndi ufulu wa nzika, pasekondale ina yakumudzi kumene minibasi imafika ikafuna yokha. Pepala la uphunzitsi ndinalibe. Koleji ya ku Chipata ndinaisiya chaka chachiwiri, ine ndi mayeso titasemphana maganizo pa nkhani zingapo zikuluzikulu. Komiti ya makolo ndiyo inandilemba ntchito, poti mphunzitsi weniweni amene boma linatumiza anangoona msewu wathu n'kugwidwa ndi matenda ofuna mpweya wa ku Lusaka. Choncho ntchito yanga inalibe mizu. Aliyense wovala jekete akanatha kundizula ndi zala ziwiri n'kundibweza kwathu kukasoka fodya.

Tsiku loyamba la temu ndinkamata pakhoma pepala lalikulu la malamulo a m'kalasi. Loyamba: funsa, usaope. Lachiwiri: wochedwa aimirire kumbuyo mpaka belu. Lachitatu: ntchito iliyonse ikachongedwa ilembedwenso mwaudongo, motsata zonse zimene mphunzitsi wakonza. Ana ankazitcha makolekishoni. Lachitatuli ndinkalikonda kwambiri, chifukwa padziko lonse lapansi ndi pokhapo pamene mawu anga ankakoperedwa ndi anthu ambirimbiri popanda wotsutsa.

Temu yachitatu ndinapatsa a Giledi 11 ntchito yoti alembe kalata ya Chingerezi kwa khansala wa dera, yofotokoza vuto limodzi la kwathuko. Malikisi makumi awiri. Keyala awiri, deti imodzi, moni imodzi, otsalawo a zam'kati. Ndikanathera pomwepo bwenzi lero ndilibe cholemba. Koma tsikulo ndinali nditavala tayi, ndipo tayi imandilankhulitsa.

"Demokalase si ya mu buku chabe," ndinatero. "Amene azapeleka kalata yake kwa akhansala n'kubwela na chidindo cha ofesi yawo, nizamupatsa malikisi faifi pamwamba."

Kalasi inaseka. Mnyamata wina wakumbuyo, wandevu kuposa ine, anakweza dzanja.

"Aticha, chidindo cha mbatata chiloledwa? Nili na mpeni."

"Iwe ngakhale keyala ya kwanu suidziwa. Khala pansi."

Ndinalonjeza malikisi asanuwo ndi mtima wa munthu wolonjeza ng'ombe imene alibe. Ndinkadziwa kuti palibe adzapite.

Pamzere wachiwiri pankakhala mtsikana wina wochokera kumbali za Chikomeni. Ankalemba zilembo zazing'ono ngati nyerere kuti buku lisathe msanga, ndipo buku lakelo analikutira ndi pepala la thumba la simenti. Kwawo kunali kutali koti sakanatha kuyendera, ndiye ankagona kuhositelo pa basale, thandizo lija lolipirira ana ogonera pasukulu. Mayina a basale ankasankhidwa chaka ndi chaka ndi komiti ya dera, ndipo pansi pa mndandanda pankasainira akhansala. Izi aliyense ankazidziwa. Inenso ndinkazidziwa, ndisaname.

Anzake analemba za misewu, wina za agalu achiwewe, wina za ine. Iye analemba za mjigo wa kuseri kwa hositelo ya atsikana. Mjigowo unatsegulidwa ndi mwambo, kwaya inaimba, akhansala anapopa kawiri akujambulidwa. Unatulutsa madzi masabata awiri, kenako unayamba kutulutsa mpweya wokhawokha ngati nkhalamba ya chifuwa. Kuyambira pamenepo atsikana ankatunga kudambo asanalowe m'kalasi, n'kumachedwa, ine n'kumawaimika kumbuyo motsata lamulo lachiwiri. Lamulo silisankha nkhope. Ndinkawauza choncho iwo ataimirira, masiketi atanyowa m'mphepete.

Kalata yake inali yabwino, koma yogwada. Inkapempha modzichepetsa kuti ngati mpata ungapezeke, ndipo ngati sizovuta, mwina wina adzaone mjigowo. Ndinaichonga masana ena m'chipinda cha aphunzitsi nditakhuta mango. Ndinadula mzere wonsewo ndi bolopeni yofiira n'kulemba pamwamba kuti nzika sipempha chimene chili chake. Kenako, pomva kukoma kwa dzanja langa, ndinawonjezera m'mbali funso loti aliike kumapeto: ndalama za mjigowu zinalowa m'thumba la yani? Ndinaliwerenga kawiri. Ndinadzimva ngati munthu woti koleji inalakwa kumutaya. Ndinam'patsa khumi ndi asanu ndi awiri.

Mwanayo anachita zimene lamulo lachitatu linanena. Analembanso kalata m'buku mwake ndi makolekishoni onse, osasiya ngakhale kadontho, n'kukoperanso papepala loyera. Loweruka anapempha chilolezo n'kuyenda wapansi mpaka pachigayo cha akhansala, pamene kachipinda kam'mbali kankatchedwa ofesi. Eni ake kunalibe. Mlembi wa komiti analandira pepalalo, n'kudinda m'buku la mwanayo osawerenga, poti anali pakati pa bawo.

Lolemba anabwera nalo patebulo panga, ataligwira ndi manja awiri.

"Aticha, chidindo ichi. Mafaifi yanga."

Ndinalemba m'kaundula wa malikisi: makumi awiri ndi awiri pa makumi awiri. Achiwiri kwa ahedi ataona anandiitana n'kundiuza kuti nambala yotero kulibe m'dziko muno, ngakhale ku unduna. Tinakambirana nkhaniyo mozama kwa theka la ola. Za kalata yeniyeniyo palibe anafunsa.

Patapita sabata ndi masiku, galimoto ya akhansala inaima pansi pa mtengo wa mbawa, pamalo oimika njinga zathu. Ahedi anatumiza mwana kudzanditenga, wina kukatenga mtsikanayo. Ndinam'peza ali kale muofesi, ataima pafupi ndi kabati ya zikho, buku lake la simenti atalikumbatira pachifuwa monga ana amachitira akaitanidwa pakati pa phunziro. Akhansala anali atakhala pampando wa ahedi. Ahedi anali pa benchi.

"Monire, aticha," anatero akhansala mokoma. "Ndimwe a Siviki?"

"Yewo, bwana khansala. Ndine."

"Koleji munaphunzila iti?"

"Ku Chipata, bwana."

"Munatsiliza liti?"

Ahedi anayamba kufunafuna chinthu m'thumba la malaya, chimene mpaka lero sanachipeze.

Akhansala sanadikire yankho. Anatambasula pepala lija n'kuwerenga mzere womaliza pang'onopang'ono, Chingerezi chake akuchitafuna ngati nzimbe. Kenako anaimirira n'kutembenuza thumba la buluku lawo, kansalu koyera kakulendewera kunja.

"Thumba lake ndi ili. Bwelani mupisemo, aticha. Kapena mjigo uli momwemo."

Ahedi anaseka chifukwa kunali koyenera kuseka.

"Manje niuzeni. Ndimwe muphunzitsa ana kutukwana akulu?"

Apa m'pamene ndinayankha yankho limene, kunena zoona, likanapeza malikisi onse pa mayeso alionse.

"Bwana khansala, ine niphunzitsa kapangidwe ka kalata chabe. Keyala kumanja, deti pansi pake. Zam'kati ni maganizo a mwana. Malamulo a dziko sanilola kumusankhila maganizo."

Ndinanena mawuwa nditayang'ana buku la simenti lija. Tsamba limodzi lokha kubwerera m'mbuyo kuchoka pa chidindo, panali dzanja langa lofiira, funso lonse, ndi siginecha yanga yokhala ndi mchira umene ndinauphunzira ndili kukoleji. Mwanayo akanangotsegula. Sizikanafuna ngakhale kulankhula.

Akhansala anatembenukira kwa iye n'kusiya Chinyanja, n'kulowa Chitumbuka cha kunyumba.

"Ndiwe mwana wa njani, mama?"

Anatchula bambo ake ndi mudzi wake. Akhansala anagwedeza mutu ngati munthu woika chinthu pashelefu.

"Ndiwe ukalemba ivi?"

"Enya, adada. Ndine nkhalemba," anatero mwanayo, kuvomera kuti analemba ndi iye.

Sanandiyang'ane. Ndikanakonda akanandiyang'ana, bwenzi ndili ndi choti ndizimukwiyira.

"Palije suzgo," anatero akhansala, kutanthauza kuti palibe vuto, akubweza thumba m'malo mwake. "Ana ni ana. Musamulange, ahedi. Koma aticha anilembele kakalata kopepesa, kotayipa bwino, tiike mu faelo. Osafulumila."

Ndinatuluka muofesimo ndili ndi ntchito yanga, ndipo ndinapita kukaphunzitsa a Giledi 10 za nthambi zitatu za boma.

Lachinayi lotsatira ndinalengeza kuti nditolera mabuku onse kuti ndione ngati akusamalidwa. M'mbiri ya sukuluyo palibe mphunzitsi anasamalapo za mabuku chotero. Ndinawasenza mpaka kunyumba, mulu wonse, chifukwa cha limodzi. Ndinali ndi lezala m'thumba. Nditatsegula buku la simenti ndinapeza tsambalo palibe. Linali litadulidwa kale, mowongoka bwino m'mphepete mwa ulusi, ndi dzanja losamala kuposa langa. Tsamba la chidindo analisiya, poti pamenepo m'pamene panali malikisi ake. Ndinalemba pachikuto kuti buku losamalidwa bwino, n'kuchonga.

Temu inatha. Mayeso a Siviki mtsikanayo anakhoza kuposa onse. M'kalasi sanafunsenso funso, ndipo ine ndinasiya kuimika ochedwa, ndikumati mwendo wa munthu uli ndi ufulu.

Chaka chatsopano chitayamba, mndandanda wa basale unamatidwa pachitseko cha ahedi. Ndinauwerenga kuyambira pamwamba, kenako kuyambira pansi, ngati kuti dzina lingabisale kwa munthu wochokera mbali imodzi. Panalibe. Ahedi anati malo anachepa chaka chino, ndipo mwina n'zoona, malo amachepa. Palibe anatchula mjigo. Palibe analakwa. Ndinaitana dzina lake m'kalasi masabata atatu, mpaka achiwiri kwa ahedi anandibwereka rula kuti ndidule mzere wowongoka padzinalo m'kaundula. Mnzake wa kuhositelo anandiuza kuti ali kwawo, akuthandiza kumunda, ndipo bambo ake akuti aona chaka chamawa fodya akagulidwa bwino. Mawu amenewo kwathu kuno timawadziwa tanthauzo lake.

Sabata yomweyo ahedi anandikumbutsa kuti kakalata kaja sikanafike, ndipo komiti ya makolo ikhala pansi posachedwa kuona za aphunzitsi opanda mapepala.

Ndinakhala pansi n'kulemba makalata awiri. Yoyamba inali yopepesa. Yachiwiri inkanena zoona zake: kuti funso lija linali langa, kuti mwanayo anangokopera monga ndinamulamulira, ndi kuti ngati pali wochotsedwa pa mndandanda uliwonse akhale ine. Inali kalata yabwino zedi. Ndinalira pang'ono poiwerenga, makamaka ndime yachiwiri.

Loweruka ndinabwereka njinga n'kupita ku boma, onse awiri ali m'thumba la malaya. Kuseri kwa msika wa Lundazi kuli kashopu kotayipa ndi kujambula mapepala, pakati pa wogulitsa matayala a njinga ndi mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta. Mayi wotayipayo anatambasula dzanja osachotsa maso pakompyuta.

"Mapeji yangati, aticha?"

Ndinapisa m'thumba. Makalata onse awiri ndinawakhudza. Ndalama zinali zokwanira onse awiri, ndisanamizire umphawi, wanamiziridwa kokwanira m'dziko muno.

"Imodzi chabe."

Anawerenga akutayipa, milomo ikuyenda.

"Mwalakwa chani kansi, kupepesa so monga mwapha munthu?"

"Za kuntchito, amayi."

"Mmm. Envulopu muli nayo?"

Ndinalibe. Anandigulitsa yakhaki.

Komiti ya makolo inandisunga. Ndinaphunzitsanso Siviki zaka ziwiri pasukulupo, mpaka boma linatumiza mphunzitsi wa mapapo olimba, ndipo ntchito ya kalata kwa khansala ndinkaiperekabe chaka chilichonse poti ili m'silabasi. Ndinkachonga keyala, deti ndi moni.

Kutayipa ndi kusindikiza anandilipiritsa makwacha asanu, envulopu awiri. Njinga inali yobwereka, ndiye ulendo sindiuwerengera. Nkhani yonseyi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ine inandidyera makwacha asanu ndi awiri.