Zimene Ndinavuula m'Thanki ya a Corkum

Ine Basil ndapopa zimbudzi kuno ku Lunenburg zaka makumi atatu, ndipo chimene chimandilakwitsa ndi pakamwa. Ndikapeza tinsalu tonyowa topukutira m'thanki ya chimbudzi cha munthu, ndimalalikira ngati m'busa. Papaketi amalemba kuti mutha kutigejemula, koma ine amene ndimavundukula mathankiwo sindinaonepo titasungunuka ngati pepala. Timapotana ngati chingwe n'kutseka paipi.

A Leander Corkum ankalima mitengo ya Khirisimasi, monga ankachitira bambo awo. Anali munthu wa mawu ochepa, manja okhakhala, onunkhira utomoni chaka chonse. Anakwatira a Verna, oimba limba kutchalitchi, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo anabereka mwana mmodzi yekha, Darlene. Thanki yawo ndinkaipopa zaka zitatu zilizonse, osapezamo chodandaulitsa.

Kenaka a Verna anayamba kuiwala. Limba anasiya, mayina a anthu anawathawa. Darlene, yemwe ndi namwino, ananena mosabisa kuti tsiku limene mayi ake adzalephere kupita okha kuchimbudzi, adzawapititsa kunyumba yosungirako okalamba ku Bridgewater, chifukwa msana wa bambo ake unali utatha kale. A Leander ankangoyankha kuti mayi ali bwino.

Sanali bwino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kwa chaka chathunthu a Verna ankadziipitsira, ndipo mkuluyu ankawapukuta yekha, kuwasambitsa, kuwapesa tsitsi mwana wawo asanafike. Matewera ankawatentha kumunda pamodzi ndi nthambi. Zinyalala kuno timaika m'majumbo oonekera mkati, ndipo wozitulutsa Lachiwiri lililonse anali Darlene, choncho tinsaluto sakanatiponya m'bini. Anakhulupirira zolembedwa papaketi, n'kumatigejemula m'chimbudzi.

M'mwezi wa Okutobala madzi oipa anabwerera m'bafa, a Leander n'kundiimbira. Anandipempha kuti ndifike m'mawa ndithu, koma ine ndinachedwa kwina, ndinafika masana. Nditavundukula thanki ndinapeza chimulu chotuwa cha tinsalu chitatseka pakamwa pa paipi. Mtima unandiwawa. Apo n'kuti galimoto ya Darlene ikulowa pabwalo, ndipo atabwera kudzandipatsa moni, ine ndinakola chimulucho ndi ngowe n'kuchikweza m'mwamba.

"Taona, Darlene, ntchito za bambo akozi," ndinatero. "Munthu wamkulu kumapusitsidwa ndi paketi. Kapenatu muli khanda m'nyumbamu limene simunatiuze?"

Ndinaseka ndekha. A Leander anali atavula chipewa, maso ali pansi. Darlene anayang'ana chimulucho nthawi yaitali, ndipo namwino safuna kuuzidwa kawiri.

"Bambo, zinayamba liti?"

"Chaka chatha, nthawi yodula mitengo."

"Nokha?"

"Nanga ndani? Ndi mkazi wanga."

Darlene sanakalipe. Analowa m'nyumba akupukuta m'maso. Ine ndinatsitsa ngowe ija, manyazi atandigwira moti ndinalakalaka nditalowa m'thanki momwemo. Ndinayamba kupepesa, koma a Leander anangondiuza kuti ndimalize ntchito, mayi akufunika kusamba.

A Verna anapita ku Bridgewater mu Januwale. Sindinganene kuti Darlene analakwa, ndipo mwina zikanadziwikabe popanda ine. Koma tsikulo ndinalifulumizitsa ndine, ndipo zimandipwetekabe. A Leander anasiya munda m'manja mwa mnansi, n'kumayendetsa galimoto tsiku ndi tsiku kukawadyetsa mayi chakudya chamasana. Kuwasambitsa sankaloledwa, poti kumeneko kuli antchito ake.

Patatha zaka zitatu anandiimbiranso, nthawi yopopa itakwana. Ndinapita ndikuchita mantha, koma anandilandira ndi khofi ngati kale. Anaima pambali panga, atawerama kuposa kale, ine ndikuvundukula. Munali mosalala, mopanda kansalu ngakhale kamodzi, ndipo pofuna kuwasangalatsa ndinawauza kuti thanki yabwino chonchi sindinaionepo chaka chonsecho.

Anasuzumiramo, nagwedeza mutu.

"Basil," anatero, "bola ikanamatsekeka sabata iliyonse."