Kuseri kwa Khutu

Ba Mainess a ku Kalingalinga sankapatsa mwana moni asanampinde khutu. Wa neba, wa mlendo, ngakhale wa abusa, ankayamba amuyang'ana kuseri kwa makutu, kenako n'kumufunsa ngati wadya. Ana a m'komboni akawaona akubwera ankapindiratu makutu okha.

Amuna awo, ba Enos, ankadziwa kumene zinayambira. M'zaka zimene anthu ankafola mzere wa sopo ndi saladi wophikira, iwo ankagwira ntchito yosamala maluwa ndi agalu a bwana ku Kabulonga. Mankhwala osambitsira agalu atasowa m'masitolo, nkhupakupa ankazithothola ndi zala, zina n'kubwera nazo kunyumba mu ovolosi.

Ba Mainess ankaluka tsitsi pakhonde, ndipo mutu wa mwana wawo Exildah ndiwo unkaitana makasitomala. Thupi la mwanayo litatentha, aliyense anati malungo. Kolokwini sanaphule kanthu. Khosi linauma, miyendo inafooka, mlomo unakhotera mbali imodzi, ndipo akaphethira diso limodzi lokha ndilo linkatseka.

"Iwe, unitsinzinira diso? Ndine mnzako?" anakalipa mayi ake. Ataona kuti mwana sakuseka, anamubereka ulendo wa kuchipatala.

Kumeneko namwino anati tsitsi limasulidwe.

"Ba sisita, mukule uyu naluka manjemanje."

"Mufuna mukule olo mufuna mwana?" anafunsa namwinoyo, sizasi ili kale m'manja.

Pansi pa chingwe cha tsitsi, kuseri kwa khutu, panali kachilonda kakuda pamene nkhupakupa inaluma. Dokotala anati tizilombo take tafika ku ubongo, ndipo anasintha mankhwala.  Ba Enos atafika kunyumba anawiritsa ovolosi yawo m'chitini.

Exildah anaphunziranso kuyenda, poyamba atagwira bedi, kenako mipando ya akalipentala m'mbali mwa msewu. Khutu lamanzere silinamvenso, ndipo mpaka lero kumwetulira kwake kumayambira tsaya limodzi, linalo n'kutsatira. Mayi ake akayamba kulongolola, iye ankawatembenuzira khutu logonthalo.

"Ili n'lanu, amama. Kambani vonse."

Atakula anapeza mwamuna, Dyton, mmodzi wa akalipentala aja. Pa tsiku la ukwati ba Mainess anali atadwala kale, moti anawakhazika pa mpando pakhomo la tchalitchi. Dyton anagwada patali ndithu, poti mkamwini sakhudzana ndi apongozi ake. Iwo anamukodola. Anasendera pang'ono. Anamukodolanso, ndipo atayandikira anamugwira khutu n'kulipinda, amayi a kwaya akubisa nkhope m'zitenje ndi phwete.

"Apongozi, nasamba," anadandaula Dyton.

Ba Mainess anapindanso linalo, nayang'anitsitsa mosafulumira.

"Alibe," anauza Exildah. "Mutenge."

Ba Enos anaseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi yobwereka. Ba Mainess sanaione mvula ya chaka chimenecho, ndipo khutu la Dyton ndilo lomaliza limene amuna awo anawaona akupinda.