Anakeni ndi Madontho a Adona

Anakeni anagwira ntchito pa nazale yathu zaka makumi awiri ndi zinayi. Dzinali anawapatsa ndi anthu odzagula mbande, poti munthu akalowa pageti ankayamba kuona keni yothirira, mwiniwake n'kuonekera pambuyo. Anali mayi aafupi, phewa lakumanja lotsika chifukwa chonyamula madzi, ndipo sankakonda zolankhulalankhula. Ine ndinawapeza pamenepo. Ntchito yanga inali yodzaza dothi m'machubu, choncho tinkaswera moyandikana.

Kunyumba anali ndi amuna awo, amene kale ankayendetsa lole koma anafa ziwalo mbali imodzi. M'mawa uliwonse Anakeni ankayamba awasambitsa, kuwakhazika pampando pafupi ndi windo, kuwaikira wailesi ndi madzi akumwa pomwe dzanja labwinolo lingafike, kenako n'kukakwera basi. Pantchito ankafika atatopa kale.

Chaka chimene abwana anayamba kuvutika maso, nazale anaisiya m'manja mwa mwana wawo wamkazi. Ife tinkawatchula kuti Adona. Anali munthu wabwino mtima, wokonda kuwerenga, koma wa phuma. Tsiku lina anabwera ndi katoni ya timabotolo tofiirira, n'kutiitanira pansi pa neti ya mthunzi. Anati amenewa ndi mankhwala a homiyopathi, ndipo iwo anawerenga kuti amathandiza mbewu kukula. Anafotokoza kuti opanga amatenga dontho limodzi la mankhwala n'kulithira m'madzi ambiri, amakhutchumula, amatapamonso dontho limodzi n'kulithira m'madzi ena, mpaka maulendo makumi atatu. Anati akamasungunuka kwambiri m'pamene amakhala ndi mphamvu.

"Ndiye kuti tiyi wa kwa alamu anga ndi mankhwala oopsa," anatero Anakeni, nkhope ili gwa.

Tonse tinaseka, Adona nawonso anaseka. Koma ntchito yoyesa mankhwalawo inagwera Anakeni omwewo.

Ndinadzaza machubu mazana awiri, tinadzalamo tomato. Zana limodzi tinaika pathandala la pafupi ndi thanki, loti lizilandira madontho. Zana linalo tinaika pathandala la kumpanda, loti lizimwa madzi wamba. M'mawa uliwonse Anakeni ankadontheza madontho asanu m'botolo la madzi, n'kulimenyetsa pachikhatho maulendo zana asanathire m'keni, chifukwa Adona ananena kuti popanda kumenyetsako palibe chimene chingachitike. Lachisanu lililonse ankayeza mbande iliyonse ndi rula, Adona akulemba. Pofika sabata yachitatu dzanja la Anakeni linali litatupa pamfundo. Analikulunga ndi kansalu, n'kumamenyetsa botolo pabondo.

Patatha masabata asanu ndi limodzi, mbande za madontho zinali zitapitirira zinzake pafupifupi theka la chala, masamba ali biliwiri. Adona anasangalala. Anaitana bambo awo kuti adzakhudze mbandezo ndi manja, ndipo anayamba kukamba zolemba chikwangwani pageti, kuti aliyense wogula mbande azitengerako kabotolo.

Tikudya masana, Anakeni anandiuza chapansipansi kuti iwo chifukwa chake akuchidziwa. Neti ya kumpanda inang'ambika kalekale, ndipo dzuwa lamasana linkawotcha thandala lija. Komanso, poti madzi a madontho anali ovutikira, ankawathira pang'onopang'ono kuti asatayike, akuzulako tiudzu, pamene kumpanda ankangokhuthula n'kumapita. Ndinawafunsa chifukwa chimene sakuwauzira Adona. Anandionetsa dzanja lija. Anati akanena, ayambiranso, ndipo iwo mphamvu zomenya botolo masabata ena asanu ndi limodzi alibe.

Anakhala nazo masiku anayi. Chimene chinawasintha chinachokera kunyumba. Amuna awo anali atamva nkhani ya madonthowo kuyambira tsiku loyamba, poti munthu wongokhala pawindo nkhani zake ndi zomwe mkazi wabwera nazo. Atamva kuti tomato wakuladi, anapempha kuti awabweretsere kabotolo kamodzi. Anati ngati kakudzutsa mbewu, mwina kangadzutsenso mwendo. Anakeni anayesa kuseka, koma anaona kuti bambowo sakuseka. Anali atayamba kale kunena kuti mapiritsi a kuchipatala awatopetsa.

M'mawa mwake Anakeni sanatenge keni. Analunjika kuofesi, ine ndili pakhomo ndi wilibala.

"Adona, chikwangwani chija chiyambe chadikira," anatero. "Amene wakulitsa tomato uja si madontho. Ndi mthunzi, ndi ineyo."

Adona anafunsa chifukwa chimene sananenere poyamba. Anakeni anayankha kuti anatopa, basi. Tsiku limenelo Adona sanatuluke muofesi, ndipo mawa lake anatipitirira osapereka moni. Tinkayesa kuti ntchito ya Anakeni yatha.

Lolemba Adona anabwera ndi neti yatsopano ndi maganizo atsopano. Anati tiyambiranso, koma mwadongosolo. Machubu onse akhala pathandala limodzi, mosakaniza, ena a chingwe chofiira, ena a chingwe choyera. Mabotolo akhala awiri ofanana, lina la madontho, lina la madzi okhaokha, ndipo abwana okha ndi amene azidziwa kuti la madontho ndi liti. Lililonse likhala ndi mtundu wake wa chingwe, ndipo onse awiri azimenyetsedwa chimodzimodzi. Anakeni atamva kuti mabotolo tsopano ndi awiri, anangoyang'ana kumwamba n'kupumira m'kati. Ndinkawalandira botolo limodzi, koma kuthirira kunali kwawo, chubu ndi chubu, akuyang'ana chingwe.

Anali masabata aatali. Kunatentha, pampu inafa kawiri, madzi tinkakatunga kumpopi wa kuseri kwa ofesi. Amuna a Anakeni anakwiya nako kukanizidwa kabotolo, anatha sabata akuyankha ndi mutu wokha. Tsiku lina ndinawapeza Anakeni atakhala pathumba la manyowa, rula ili m'manja, akusinza.

Lachisanu lomaliza Adona anawonkhetsa manambala kawiri, abwana n'kuulula kuti madontho anali ku chingwe chofiira. Mbande zofiira ndi zoyera zinali zofanana. Zina zazitali, zina zazifupi, uku ndi uku chimodzimodzi. Adona anatseka kope, n'kunena kuti mwina tomato si mbewu yoyenera, mwina pa kabichi zikanaoneka. Anakeni anayankha mwaulemu kuti ngati ndi kabichi, apeze dzanja lina. Adona anayang'ana kansalu kaja, ndipo za kabichi sanazitchulenso. Katoni ija inakakhala pamwamba pa kabati. Chikwangwani sichinalembedwe.

Mwezi wotsatira Adona anagula paipi yaitali yothirira, ndipo Anakeni anawasamutsira kogwira ntchito atakhala pansi, kupatulira mbande m'machubu. Kumeneko Anakeni anagwirako chaka chimodzi chokha. Zala zinali zitayamba kukana kugwira timbande tating'ono, ankatithyola, ndipo zimenezi zinkawapweteka mtima kuposa dzanjalo. Anapempha okha kuti apume.

Ndinakawaona mwezi wathawu. Ndinawapeza akumeta amuna awo ndevu pakhonde, lezala ali kudzanja lamanzere. Anandifunsa ngati pampu anaikonza, ndinati ayi. Anapukusa mutu, n'kuwauza bambowo kuti asagwedezeke.