Botolo la Machesi la Bambo

Kwathu kuseri kwa Chitakale, kumene minda ya tiyi imakumana ndi midzi, ngakhale mchere sunkachedwa kunyowa. Ndinali mu Sitandade 5 chaka chimene pakamwa panga panandiika m'mavuto. Tsiku lotsekera sukulu aliyense ankabweretsa kachakudya koti tigawane, ndipo ine nthawi zonse ndinkabwera ndi kalongonda, mpaka anzanga anandipatsa dzina lomwelo. Nditatopa nako kusekedwa, ndinauza kalasi yonse kuti ulendo uno ndibweretsa maswiti opanga ndekha. Ndinalankhula molimba mtima ndithu, chonsecho ndinali ndisanaonepo n'komwe mmene amapangira.

Ndinathawira kwa azakhali anga a Rozina, omwe anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika kwathu. Iwo maswiti ankawatchula kuti rebusadu. Atamva bodza langalo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako anandituma kukasonkhanitsa zida. Poto anafuna wokhuthala pansi, chifukwa wopyapyala amapsereza shuga. Mthiko wathu anaukana kuti ukununkha usipa, ndipo anasema wina watsopano. Ndinakapempha mandimu awiri kwa aneba, ndinapaka mafuta thireyi yachitsulo, n'kuika mpeni ndi kapu ya madzi ozizira pafupi ndi mbaula. Shuga anali paketi imodzi yokha, imene mayi anapereka akudandaula kuti sabata yonse timwa tiyi wopanda kanthu.

"Akayamba kuwira, mthikowo uchotse, usavundulenso," anatero azakhali. Nyumba yonse inanunkhira mandimu. Ndinkadonthetsa pang'ono m'kapu ya madzi ija. Dontho loyamba linanyeta ngati ulimbo, koma lachinayi linauma n'kuphwanyika pamano. Tinathira m'thireyi, ndinalemba mizere ndi mpeni zisanalimbe, ndipo titaswa zinatuluka zidutswa zowala, zofiirira ngati uchi.

Azakhali popita kokaphunzira nyimbo kutchalitchi anandiuza kuti maswitiwo ndiwaike m'chinthu chotseka bwino. Ine ndinafuna kuti odutsa onse awaone kaye. Ndinasiya thireyi pakhonde n'kupita kokasewera, ndipo masana omwewo chiperoni, nkhungu ija yodza ndi mvula yowaza, chinatsika kuchokera kuphiri. Mvula sinawakhudze ayi, koma chinyezi chokha chinakwana. Pobwera ndinapeza agwirana kukhala chibuma chimodzi chonata, nyerere zili pachikondwerero. Sukulu inali yotseka mawa lake. Ndinakhala pansi n'kulira, ndikuona kale nkhope za anzanga.

"Wapserera shugayo?" anafunsa azakhali atabwera.

"Ayi."

"Nanga ukulira chiyani? Tenga poto."

Tinasungunulanso ndi timadzi pang'ono, nyerere tinazichotsa ndi sefa ya tiyi, ndipo maswiti anabwerera mwakale. Vuto linali pa chosungiramo. M'nyumba monse chinthu chotseka bwino chinali chimodzi, botolo la pakamwa papakulu limene bambo ankasungiramo machesi kuti asanyowe. Botolo limenelo palibe ankaligwira, ngakhale mayi.

Bambo anafika kuchokera kothyola tiyi atanyowa mpaka m'mafupa. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo ndinkawaopa. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, kuyambira dzina lija la Kalongonda. Nditamaliza, anakhuthulira machesi m'dzanja mwawo, anapukuta botolo n'kundipatsa. "Utseke zolimba, mayi," anangotero kwa ine.

M'mawa mwake machesi onse anakana kuyaka. Ndinaona bambo anga, munthu wamkulu ndi ndevu zawo, akupita kukapala moto kwa aneba ndi phale m'manja, amayi a kumeneko akuwaseka. Ndinachita manyazi, komanso tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti amandikonda. Kusukulu aliyense analandira kachidutswa kake, aphunzitsi anatenga tiwiri. Dzina la Kalongonda silinachoke, mpaka lero anzanga akale amandiitana choncho, koma linasiya kuwawa.

Masiku ano zinthu zinapepuka. Mabigiri otseka bwino ali mbwee pamsika, ndipo mwana wanga wamkazi anandigulira kachipangizo koyezera kutentha kwa shuga, ngakhale ndimakhulupirirabe kapu ya madzi. Ndisanaike poto pamoto ndimayamba ndayang'ana kuphiri. Bambo anatisiya kalekale, koma botolo lawo lili pashelefu panga, ndipo mumakhala machesi. Mdzukulu wanga anandifunsa chifukwa chake simukhala maswiti. Ndinamuuza kuti botolo limenelo ndinangobwereka kwa tsiku limodzi.