Nyimbo ya Bwana, Zala za Wina

Kwa miyezi isanu tsopano, Loweruka lililonse m'mawa ndimakwera kabaza kupita ku Geisha, kuno ku Mzuzu, kukaphunzira gitala. Ndikudziwa kuti pa msinkhu wanga anzanga akuweta nkhuku kapena kumanga nyumba za lendi ku Mzilawaingwe. Ine ndinasankha matuza kunsonga za zala.

Mphunzitsi wathu ndi a Gondwe. Pakati pa sabata amakonza mawailesi ndi maampulifaya, ndipo Loweruka amaphunzitsa chamba cha blues pakhonde pawo. Ophunzira tilipo awiri: ine, ndi a Kamwendo, mkulu wa ku Dedza amene boma linawatumiza kuno kalekale kudzayang'anira dipatimenti ina, ndipo mwezi uno apuma pa ntchito.

Kwa inu amene simunagwirepo gitala, ndilongosole pang'ono. Nyimbo yoyambira ya blues ndi yosauka modabwitsa. Ili ndi magwiridwe atatu okha a zala, omwe oimba amawatcha makodi. Makodiwo amazungulira m'zigawo khumi ndi ziwiri, kenaka n'kubwerera poyamba, phazi likuponda pansi kusunga nthawi. Basi. Zinazo, monga kukankha nsambo kuti ilire ngati munthu, kapena kuthamangitsa zala kuchokera kumutu kwa gitala mpaka kumimba kwake, zimabwera pambuyo, ndipo kwa ambiri a ife zimabwera patapita zaka.

A Gondwe ali ndi njira yawo yodziwira ngati nyimbo ikukuyenera. Amakuuza kuti uyambe kuimba, kenaka amayamba kukucheza. Amakufunsa za mpira, za mtengo wa makala, za kumudzi. Ukayankha mafunso onse phazi osaphonya, nyimbo n'kufika kumapeto, ndiye kuti ndi yako. Ukaima pamalo amodzimodzi katatu, amaichotsa pamaso pako mwaulemu n'kukupatsa ina yocheperapo.

Ine ndili pa nyimbo yachiwiri. Ndimaimaliza ndithu, koma sabata ina atandifunsa dzina la mkazi wanga pakati pa chigawo chachisanu ndi chinayi, ndinataya zonse ziwiri, nyimbo ndi dzina lomwe.

A Kamwendo sanagwirizane ndi njira imeneyi kuyambira tsiku loyamba. Anabwera ndi gitala yamagetsi yofiira, yonyezimira ngati galimoto ya ukwati, ndipo atauzidwa za makodi atatu aja anaseka.

"Aphunzitsi, ine ndili ndi madigiri awiri. Simungandiike sitandade wani."

"Yayi bwana," anatero a Gondwe, "madigiri ali m'mutu, palibe akukana. Koma zala zanu zili kusukulu ya mkaka. Pachoko pachoko, adada."

"Nthawi ya pang'onopang'ono ndilibe."

Ndipo analibedi. Masabata atatu apitawo anatulutsa foni n'kutionetsa kanema wa katswiri wina wa kunja akuimba nyimbo yaitali, zala zikukhotakhota ngati kabaza wothawa apolisi apamsewu. Imeneyo ndiyo anasankha. Anzawo a kuofesi anali atakonza kale phwando lowatsanzika, ndipo papologalamu anali atalembapo kale kuti mwini phwando adzaimba yekha nyimbo yapadera. Kudzakhala akazi awo, ana awo, onse amene akhala akuwatcha bwana, ndi mlendo wolemekezeka wochokera kulikulu ku Lilongwe. Munthu amene kwa zaka zonsezi sanaonekepo akulephera kanthu pamaso pa antchito ake anali atatsala masabata atatu kuti alephere pamaso pa onse, ndi chimkuzamawu.

Anayesetsa, ndisaname. Chiyambi cha nyimboyo anachigwira. Koma pali malo ena, nyimbo ikangoyamba kukwera, pamene zala zawo zinkafika n'kuima ngati minibasi yothera mafuta pachitunda. Anaima pamenepo katatu, kakhumi, kosawerengeka. Poyamba anati vuto ndi nsambo, ndipo anazisintha. Kenaka anati ndi chisanu cha Mzuzu, chimaumitsa zala. Kenaka anati ampulifaya ya a Gondwe imachedwa kutulutsa mawu. Mwa zinthu zonse zomwe zinali pakhondepo, zala zawo zokha ndizo sizinaimbidwepo mlandu.

A Gondwe anawapatsa njira yothawira. Anati pali nyimbo yodekha, ya makodi atatu, yomwe akanatha kuimaliza bwino m'masabata awiri.

"Imeneyo ndi ya achimwenewa," anatero a Kamwendo, akundiloza ndi chibwano.

Loweruka lapitali masana tinakumana m'holo ina m'tauni. A Gondwe anabweretsa zipangizo zawo ndi anzawo awiri, wa ng'oma ndi wa gitala ya besi, ndipo anati iwo angothandiza pang'ono kumbuyo ndi gitala yawo yakale. Anakaima kuseri kwa sipika yaikulu, pafupi ndi mikisa, chipangizo chomwe chimakweza ndi kutsitsa mawu a woimba aliyense. Ine ntchito yanga inali yogwira mawaya kuti anthu asapunthwe, choncho ndinali pafupi, ndipo ndinaona zonse.

A Kamwendo anakwera pansanja atavala suti ndi magalasi akuda. Anayamba bwino. Mawu oyamba anali awo enieni, onjenjemera pang'ono koma olondola. Kenaka nyimbo inayamba kukwera, ndipo ine ndinatseka diso limodzi, chifukwa chitunda chija ndinkachidziwa.

Pamenepo dzanja la a Gondwe linatambasuka, linagwira kabatani ka pa mikisa ka gitala yofiira, n'kukazunguliza mpaka pansi. Kenaka zala zawo zinagwera pa nsambo zawo.

Sindinamvepo gitala ikulira motero mu Mzuzu muno. Inadandaula, inakalipa, inapepesa. Kutsogolo, a Kamwendo anali atatsinzina, bondo limodzi atalipinda, mutu ukugwedezeka, zala zikuyenda ulendo wawowawo umene palibe anaumva. Amayi analiza nthungululu. Mayi Kamwendo anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Woyendetsa mwambo anafuula kuti, "Yewo chomene, bwana! Tinali ndi katswiri muofesi osadziwa!" Ndipo mlendo wa ku Lilongwe, poyankhula, anati izi zasonyeza kuti munthu wodzipereka angathe chilichonse m'masabata atatu, ndipo madipatimenti ena atengerepo phunziro.

Ndikuopa kuti atengerapodi.

Tikupinda mawaya ndinawafunsa a Gondwe chifukwa chimene anachitira zimenezi.

"Nanga ndikanatani?" anatero. "Munthu wamkulu ngati uja, agwe pamaso pa amesenjala ake, akazi ake ali pompo? Yayi. Komanso tauni yonse ikudziwa kuti amaphunzira kwa ine."

Owerenga anzanga, musaseke msanga. Kabatani kameneka tonse timakadziwa, ndipo ambiri a ife tinakagwirapo.

Kodi lipoti limene bwana wanu anawerenga pamsonkhano mwezi watha analemba ndani? Kodi amene analilembayo anakhala pampando uti, ngati anaitanidwa n'komwe? Kodi ndi kangati tamuona munthu akupita kumaphunziro a masiku atatu kuhotela, n'kubwerako ndi satifiketi, chikwama cholembedwa mawu ndi dzina latsopano lakuti katswiri? Ntchito ikafika pachitunda, pamapezeka kalaliki wina wachete, wa jekete yakutha m'zigongono, amene amatambasula dzanja mwakachetechete. Zinthu zimayenda. Timaomba m'manja moyang'ana kutsogolo.

Vuto lathu, monga ndikulionera, si ulesi. A Kamwendo si aulesi. Matuza anali nawo ngati ine. Vuto ndi lakuti tinagwirizana, popanda kukhalirana pansi, kuti udindo wa munthu ndiwo uzisankha pamene ayambire kuphunzira. Mwana amaloledwa kusadziwa. Munthu wa imvi, wa ofesi yakeyake ndi dalaivala, amayenera kuoneka ngati anabadwa akudziwa. Akafuna kuphunzira chinthu chatsopano sayang'ana chimene manja ake angathe. Amayang'ana chimene chikufanana ndi mpando wake. Nyimbo ya makodi atatu ndi ya amesenjala. Bwana ayenera nyimbo ya ubwana.

Tsoka lake, gitala sidziwa maudindo. Nsambo siwerenga kalata yokukweza pa ntchito. Ndi chimodzi mwa zinthu zochepa m'dziko muno zomwe sungazilankhule kumbali.

Sindikunena kuti a Gondwe analakwa kotheratu. Muli chifundo m'zimene anachita, ndipo ulemu umene timapereka kwa akuluakulu si chinthu chotaya. Dziko limene aliyense amasiyidwa kuti agwe pagulu silingakhale lokoma kukhalamo. Koma tiyeni tiwerenge amene anataya kanthu tsiku limenelo. A Gondwe anaimba nyimbo yabwino koposa m'moyo wawo, ndipo dzina lawo linatchulidwa kamodzi, pothokoza amene anabwereketsa zipangizo. Mayi Kamwendo analirira zala za mwamuna wina. Ndipo antchito achinyamata amene anali m'holomo anapita kwawo ataphunzira kuti makwerero ndi a anthu opanda mwayi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nyimbo yodekha ija ikanakwanira. Blues sifuna liwiro. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, akutsanzika ntchito imene waipatsa moyo wake wonse, akuimba makodi atatu pang'onopang'ono ndi zala zakezake, akulakwitsa kamodzi n'kumwetulira: kodi mayi aja sakanalira? Ndikukhulupirira kuti akanalira koposa, ndipo misozi yake ikanapita kwa mwini wake.

Ndinatuluka m'holomo ndikuwamvera chisoni a Kamwendo. Ndinkaganiza kuti ndilemba za munthu wosalakwa amene anzake anamunamiza chifukwa chomukonda, munthu amene sadzamvanso kulira kwenikweni kwa gitala yake. Ndime ziwiri zachifundo ndinali nditazilemba kale.

Lachiwiri ndinakumana nawo pafupi ndi msika waukulu, akutsika galimoto. Anali osangalala. Anandiuza kuti mwana wawo wamkazi akukwatiwa ku Dedza miyezi iwiri ikubwerayi, ndipo akuchimuna amva mbiri ya Loweruka, apempha kuti bambo a mkwatibwi adzaimbe. Anatulutsa foni. Nyimbo imene asankha ulendo uno ndi yothamanga kuposa yoyamba ija.

Ndinalimba mtima. Ndinati mwina zingathandize atati aimbe okha kunyumba, adzijambule pafoni, kenaka amvetsere modekha. Ndinati nthawi zina m'holo munthu sadzimva bwino.

Anavula magalasi, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, mukundiyesa wogontha? Ndagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu. Akandizimitsa ndimadziwa."



"Inu mukawauze a Gondwe akonzeke," anapitiriza. "Thiransipoti ndi malo ogona ndikonza ine. Koma apeze sipika yaikulu kuposa ija. Pakanema wa Loweruka chigongono chawo chikuoneka."

Ndime zachifundo zija ndazing'amba. Tsono si kuti akuluakulu athu sadziwa. Amadziwa bwino lomwe amene akuimba, amadziwa pamene waima, ndipo chimene chimawadetsa nkhawa ndi chigongono chokha.

Uthengawo ndinakaupereka tsiku lomwelo. Ndinawapeza a Gondwe ataweramira wailesi ya munthu, utsi wa mtovu ukukwera. Anamvetsera mpaka kumapeto osadzutsa mutu, kenaka anafunsa tsiku la ukwatiwo. Ndinawauza.

"Tsiku limenelo ndili ndi maliro."

"Maliro a ndani, aphunzitsi? Ndi miyezi iwiri kutsogolo."

"Sindinadziwe," anatero. "Koma ndidzakhala nawo. Mukawauze kuti khonde lilipo Loweruka, ndipo makodi akadali atatu. Miyezi iwiri ndi yokwana, akayamba sabata ino."

Sindikudziwa ngati a Kamwendo abwera. Ali ndi njira ziwiri: kukhala pabenchi pambali panga n'kuponda phazi ngati wa sitandade wani, kapena kukaima pamaso pa apongozi awo ndi gitala yofiira imene, kwa nthawi yoyamba, aliyense adzaimva.

Inu amene mukuwerenga muli pampando wozungulira, muofesi yoyendetsedwa ndi munthu amene dzina lake simulitchula pamisonkhano: tsiku limene iyeyo adzapite kumaliro, ife tidzamva nyimbo yanji?