Tiyi wa Alendo a mu Laputopu

Mwana wanga wamkazi anaphunzira kuwerenga pa nyuzipepala zokulungira usipa. Ndikabwera kuchokera kumsika wa ku Old Town, ankatambasula pepala lija pansi, n'kuliwongola ndi tizala take, n'kumawerenga nkhani zopanda mutu, zopanda mathero, zonunkha nsomba. Ankandifunsa kuti nanga bambo wa m'nkhaniyo anathera kuti. Ine wolekeza sitandade sikisi ndinkamuuza kuti mathero ake ali kwa amene anagula usipa pambuyo panga.

Mulungu anamukuza, anakhala namwino. Ine ndinali ndikugwirabe ntchito ya m'nyumba ku Area 12, ndipo tinkakhala tonse m'kanyumba ka antchito kuseri. Tsiku lina anandiuza kuti wapeza malo pa yunivesite ya kutsidya kwa nyanja. Ndinayamba kale kuganiza za sutikesi ndi majuzi. Iye anaseka, nati sapita kulikonse, sukuluyo izibwera yokha pa intaneti.

Adona anatilola kugwiritsa ntchito intaneti ya m'nyumba yaikulu. Kwathu inkafika mofooka, pawindo lokha loyang'ana mtengo wa mapeyala, ndiye mwana wanga anaika tebulo pomwepo. Loweruka masana ndikamayanika zovala ndinkamva mawu a anthu a mitundu yosiyanasiyana akutuluka pawindopo. Ndinkayang'ana kumwamba n'kumadabwa kuti mabuku onsewo akudutsa pati, pamwamba pa mpanda, pakati pa masamba, osagwetsa ngakhale duwa limodzi. Mwanayo anandiuza kuti laibulale ya sukuluyo ndi yaikulu kuposa nyumba zonse za ku City Centre, koma ilibe chitseko. Ndinkaiona m'maganizo, mashelefu akuyandama pamwamba pa Lilongwe ngati mitambo yoyamba ya mvula.

Kumudzi sankakhulupirira. Achimwene anga ankati sukulu yopanda belu ndi ya akathyali, mwanayo angotha maso. Mawuwo ankandikhala pamtima, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawatula kwa Ambuye. Zoona zake, aphunzitsi akewo ndinali ndisanawaonepo. Kwathu mphunzitsi wa mwana wako umamudziwa, umamupatsa moni panjira, dzinja likafika umamutumizira maungu.

Kafukufuku wake anali wa amayi oyembekezera amene amalandira malangizo a zaumoyo pa foni. Atamaliza kulemba, anati kwatsala mayeso apakamwa. Akuluakulu atatu amufunsa mafunso pa laputopu; akakhutira ndiye kuti wakhoza, akapanda kukhutira khama lonselo lapita pachabe. Lamulo lake linali lakuti m'chipindamo musakhale munthu wina.

"Amayi, chonde mukhale panja," anatero. "Akangoona munthu aziti mumandiuza mayankho."

Ndinavomera. Koma alendo ndi alendo. Tsikulo ndinasesa, ndinakolopa, ndinavala chitenje changa chakutchalitchi, ndinaphika tiyi wamkaka n'kuika makapu atatu pa thireyi. Si kuti sindinkadziwa kuti sangamwe. Manja angawa ndi amene sakanalola kuti anthu afike pakhomo panga pamoto palibe kanthu. Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, nsapato nditavula, thireyi pambali, ndikupemphera chamumtima. Chizungu chinkatuluka pawindo ngati madzi a mumtsinje, china ndikutolako, chambiri chikungondipitirira. Mawu a mwana wanga ankanjenjemera poyamba, kenako anakhazikika.

Patapita nthawi anatuluka, nkhope ili thukuta lokhalokha. Anati amuuza kuti atseke mawu, achokepo pang'ono kuti akambirane, ndipo analowera kumpopi kukasamba kumaso. Ndinasuzumira pawindo. Alendo atatu aja anali momwemo, aliyense m'kabokosi kake, milomo ikuyenda popanda mawu, okhaokha m'nyumba mwanga. Ine ndinkayesa kuti mayeso atha, ndipo ndinaona kuti n'zamanyazi kusiya alendo choncho.

Ndinalowa. Ndinaika thireyi patsogolo pa laputopu ndi manja awiri, ndinagwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga tichitira kwathu. Milomo ija inaima. Bambo wina wamagalasi anayandikiza nkhope. Mayi wachikulire wa imvi mutu wonse anandiyang'ana kanthawi, kenako maso ake anatsikira pa makapu aja. Kumbuyo kwake kunali windo, ndipo kunja kwa windolo kunkagwa mvula, pamene kwathu dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinaiwala kudzuka, ndikuonerera mvula ya m'dziko la eni ikutsetsereka pagalasi.

Mwana wanga anandipeza chigwadire. Sanakalipe. Anangoti chapansipansi, "Amayi, mwandipha." M'pamene ndinazindikira kuti mayeso anali asanathe.

Anatsegula mawu n'kuyamba kupepesa m'Chizungu, mofulumira, misozi ili lengelenge. Bambo wamagalasi anafunsa, nkhope yosamwetulira, kuti ineyo ndinali pati nthawi ya mafunso. Izi mwana wanga anandimasulira pambuyo pake. Mwanayo ananyamula laputopu n'kuizungulitsa chipinda chonse: bedi, Baibulo langa pamtsamiro, windo, ndi mtengo uja, pomwe nsapato zanga zinali zidakali pamthunzi. Anawauzanso kuti Chizungu changa chimathera pa moni ndi za kukhitchini. Atatuwo anayang'anizana kuchokera m'timabokosi tawo. Apo ine ndinatseka maso, ndikuuza Ambuye kuti ngati pali chilango chigwere ine, osati mwanayu.

Mayi wa imvi uja ndi amene analankhula, pang'onopang'ono ngati akuwerenga vesi. Ndinamva mwana wanga akupuma mpweya waukulu. Nditatsegula maso anali atagwira pakamwa. Anandiuza kuti wakhoza, pali malo ochepa chabe oti akonze.

Kenako mayi uja analoza pa thireyi.

"Akufunsa kuti makapuwo ndi a ndani, amayi."

"Uwauze kuti ndi awo," ndinatero. "Koma tiyi wazizira, andikhululukire."

Atamasulira, mayiyo anadzuka n'kuchoka, m'kabokosi mwake mukungooneka mpando ndi mvula ija. Anabwera ndi kapu yake ikufuka nthunzi, anaikweza kwa ine ndi manja awiri monga anaonera ndikuchitira. Bambo wamagalasi anafunafuna patebulo pake n'kukweza botolo la madzi. Wachitatu analibe kanthu, anangoika dzanja pamtima. Ine ndi mwana wanga tinatenga makapu awiri a pathireyi paja. Tinamwa tonse, iwo uko kumvula, ife kuno kudzuwa, ndipo kwa kanthawi kanyumba kathu kanali kopanda makoma.

Kapu yachitatu ndinapatsa agadi apageti, amene anamwa osadziwa kuti akumwera mlendo wa kutsidya kwa nyanja. Madzulo ake ndinaimbira foni achimwene. Ndinawauza kuti aphunzitsi a mwana ndawaona ndi maso anga, afika pakhomo, ndipo amwa tiyi.