Zenera la mayi aang'ono ku Korea

Dzulo pa buleki, kuchipatala kuno ku Wolverhampton, nesi mnzanga wa ku Korea anatsegula kapaketi ka ndere zouma za m'nyanja. Fungo la mchere ndi mafuta a chitowe linandibweza ku Kasungu, ndili mtsikana wa zaka naini.

Mayi aang'ono anali atangofika kuchokera ku Korea, komwe anakaphunzira unamwino. Anatigawira timasamba tonunkhira chimodzimodzi, topyapyala ngati pepala, tosungunuka palilime. Kenako anatulutsa chithunzi cha tauni yomwe ankakhala, kufupi ndi Seoul, likulu la dzikolo. Munali nyumba zoyera zitalizitali, iliyonse ili ndi chinambala pakhoma.

"M'mawa anthu onsewa amakwera sitima yapansi panthaka kukagwira ntchito kulikulu," anatero. "Masana mumangotsala ana ndi nkhalamba."

Bambo, omwe sabata yomweyo anali atanena kuti ndisiye sukulu ndizithandiza kumunda, anapukusa mutu. "Alamu, munthu angagone bwanji m'mwamba chonchi?"

"Ine ndinkagona apa," mayi aang'ono analoza zenera lina. "Mbalame zinkauluka m'munsi mwangamu."

Ndinayamba kuwerenga mazenera kuchokera pansi. Ndisanamalize, bambo anandilanda chithunzicho n'kuyamba kuwerenga okha.

"Twente-filii," ananong'ona. "Ndiye munkakwerako nokhanokha?"

"Ndekha, alamu. Tsiku lililonse."

Bambo anayang'ana mlamu wawo ngati mlendo. Kenako anandibwezera chithunzicho ndi manja awiri.

"Iwe, tawerenganso mokweza, ndimve."